Khutu Limaphethira

Tinakwera takisi ya m'mamawa ku Yeoville,
Sungeni ali pamiyendo panga,
chipumi atachigunditsa pagalasi.
Mahutala ankalira mbali zonse,
iye ankangoyang'ana nkhunda pawaya.
Zaka ziwiri ndi miyezi inayi mu Joni,
mzinda wosadziwa kutseka pakamwa,
koma sanamvepo hutala ndi imodzi yomwe.

Ku chipatala cha ku Parktown anati
bala la kuseri kwa khutu lapola bwino.
Kachipangizo kagona pansi pa khungu,
kakudikira wokauza msinkhu wa mawu.
Sisi Refilwe anati vuto lagona apa:
munthu wamkulu amanena yekha,
"Basi, mwapyola, bwezani pang'ono."
Nanga mwana wopanda liwu m'kamwa
anena ndi chiyani?

Ine ndine telala, za ulusi ndimazidziwa.
Ukaumanga kwambiri umaduka,
ukaulekerera umapota mfundo kunsi kwa nsalu,
ndipo makina sakuuza.
Umamva ndi chala.

Akuti m'kati mwa khutu muli kamnofu
kosafika ngakhale njere ya mpunga,
kogwira kafupa kochepetsetsa m'thupi lonse.
Phokoso likanyanya kamadzikoka kokha,
monga chichitira chikope fumbi likawuluka,
osapempha chilolezo kwa mwini wake.
Khutu limaphethira, anatero,
akulankhula pang'onopang'ono kuti ndisatsalire.

Anatseka khutu linalo ndi kampira kofewa
kokhala ndi chingwe chopita ku kompyuta.
Ntchito yanga inali imodzi: mwana asagwedezeke.
Ndinamupatsa tepi yanga yoyezera,
naiyamba kutafuna kuyambira pa inchi yoyamba.

Pakompyuta panali mzere,
woongoka ngati msoko wa tsiku labwino.
Anakweza mphamvu. Zii.
Anakwezanso. Zii.
M'khwapa mwanga thukuta linayamba kuyenda.
Ndinaganiza za ndalama za chipereganyu,
za mayi ake amene anawakaniza tchuthi ku Sandton,
ali chiweramire kuchapa bafa la eni ake,
foni ili m'thumba la epuloni.
Anakwezanso,
ndipo mzere uja unagwada.

"Apo," anatero Sisi Refilwe, nalemba nambala.
Mwana sanalire, sanatembenuke,
tepi ili m'kamwa, malovu ali chuchuchu,
koma m'kati mwake wina anali atayankha:
apa ndiye polekezera.
Anasamukira pa kawaya kena, kenanso,
mawu okhuthala, mawu opyapyala,
kalikonse ndi malire akeake.

Zaka khumi ndi chimodzi ndili mumzinda uno.
Andikuwira eni nyumba, andikuwira apolisi ofuna mapepala,
andikuwira makasitomala chifukwa cha zipi,
ndipo palibe anakhalapo pansi ndi cholembera
kuti aone pamene ine ndimaphethira.
Mwana wanga amufunsa lero, mwaulemu,
m'chinenero chimene thupi lake linabadwa nacho.

Atayatsa zonse anandikodola ndi maso.
Dzina lake ndinalisunga zaka ziwiri
kuti likhale loyamba kulowa.
Koma pakhosi panauma gwaa,
ndinangotsokomola.
Nsagwada zake zinaima.
Tepi inagwa pansi.
Anandiyang'ana monga ayang'anira mlendo
wolowa m'nyumba osaodira.

Sanamwetulire ayi, ndisaname.
Anatiuza kuti ulendo ngwautali,
tibwerenso Lachinayi la sabata yamawa,
kamnofu kaja akakafunsenso.

Madzulo mvula ya matalala inamenya malata a galaja.
Ndinakhala pamakina kumaliza mpendero wa diresi ya ukwati.
Anabwera monga mwa masiku onse,
naika chikhatho pathebulo kuti amve kunjenjemera.
Kenaka anachichotsa.
Anabisa manja onse kumbuyo,
makina akali kuyenda,
naima pomwepo, mutu atapendeka.