Sikelo ya Lamija

Lamija wabwera ndi sikelo kuchokera ku Graz,
kakang'ono ngati sopo wotsalira,
ka diso lobiriwira lowerenga magalamu.
Wabweranso ndi ketulo ya khosi la tsekwe
ndi mapepala osefera, opindapinda ngati siketi ya sukulu.
Akuti: Agogo, khofi wabwino ndi masamu.

Sindinamutsutse.
Zaka makumi anayi ndakonza mawotchi muno mu Sarajevo,
masamu ndimawavulira chipewa.
Ndangotsitsa kachigayo kanga ka mkuwa,
kampini wodyeka mbali imodzi,
mbali ya chala chachikulu cha Fikreta.

Njere ndimagula Lachinayi kwa Hajro,
tsiku lokazinga, msewu wonse ukununkhira.
Wopera kale usagule, mwana wanga,
wopera kale ndi nkhani ya dzana.
Ndikhazika chigayo pantchafu, ndipukusa,
kwe-e, kwe-e,
mpaka phewa liyambe kudandaula,
mpaka ufa usalale ngati phulusa la fodya,
woti ukautsina, chala chisamve mchenga.

Madzi awire paokha.
Jeziva, kampoto aka ka khosi lowonda, ikhale youma.
Ufa ugwe pansi pake,
uyambe wamva moto pang'ono, udzuke,
kenako madzi, osadzaza.
Sipuni izungulire kamodzi. Kamodzi basi.
Bwezera pamoto wochepa
ndipo apa usayankhe foni,
usasuzumire pawindo
ngakhale chipale chofewa chitayamba kugwa pa Trebević.
Thovu limakwera mwakachetechete
ngati mkwiyo wa munthu wofatsa.
Likafika pakhosi, phula.
Wochedwa amapukuta sitovu.

Iye akulemba zonse m'foni mwake.
Akuti: Thirani pasikelo kaye, ndione.
Loweruka, magalamu khumi ndi anayi.
Lamlungu, khumi ndi anayi.
Lolemba ndinathira nditatsinzina dala,
kadiso kaja kanaphethira, nkunena zomwezo.
Anaseka mpaka kugwira tebulo:
Dzanja lanu ndi sikelo, agogo!

Kenako kuseka kunazima.
Anayang'ana thireyi, kakapu kamodzi kopanda chogwirira,
anayang'ana jeziva, anayang'ananso manambala.
Koma uyu ndi wa anthu awiri.

Mawotchi onse asanu ndi awiri a pakhoma
ndinawamva nthawi imodzi.

Nyengo zachisanu zitatu zapita
chiikireni Fikreta kumtunda kuja.
Makutu anamva, maso anaona dothi,
miyendo imadziwa njira ya kumanda ngakhale kuli chifunga,
koma dzanja ili uthenga wa maliro silinaulandire.
M'mawa uliwonse limatapa za awiri.
Ndimamwa wanga,
winayo amazizirira mujeziva mpaka masana
ndipo ndimamutaya m'sinki nditayang'ana kumbali.
Sikelo ndiyo yandiulula.

Lamija sananene kanthu.
Anatsegula kabati, nafika kumbuyo kwa mbale za alendo
kumene ndinabisa kakapu kobenthuka mlomo.
Anakatsuka, nakaika pathireyi.

Ndinatapa thovu ndi sipuni, pang'ono uku, pang'ono uko,
chifukwa kumana mlendo thovu ndi chipongwe,
kenako ndinathira.
Shuga suthira m'kapu, ndinamuuza.
Luma kamtanda, kasunge palilime,
khofi akapeze komweko.
Ndipo usamalize mpaka pansi,
nsenga zisiye, si zako.

Anamwa, nakwinya nkhope. Akuti ngowawa.
Agogo ake aakazi ananenanso choncho
tsiku loyamba, kwa amayi anga,
nkumwabe zaka makumi anayi ndi zisanu ndi chimodzi.

Basi yake inyamuka Lachitatu m'mamawa.
Mapepala aja akadali m'chikwama, osatsegula.
Ndamuuza kuti mawa tiyese wakewo,
wa madzi odontha pang'onopang'ono ngati denga la shopu yanga.
Ndamuuzanso kuti sikeloyo andisiyire.
Andilembere papepala, zilembo zikuluzikulu,
magalamu a munthu mmodzi,
ndiwamate pamwamba pa sitovu.

Kaya dzanja lidzawerenga.