Mbale ya Nikelo

Kuseri kwa depoti ya Kasungu
a Lifeyo amangirira mbale ya nikelo ku waya wofiira,
handulo ya kabaza ku waya wakuda,
zonse n'kuzimiza m'madzi obiriwira
ngati msuzi wa chisoso.

Palibe moto. Palibe nyundo.
Tchaja yokha ikulira ngati njuchi m'botolo,
koma mbale ija ikudyeka.

Magetsi akulanda kanjere kalikonse
timphamvu take tiwiri,
kenaka iko, kopanda chogwirira,
kamasuka, kasowa m'madzi ngati mchere,
kawoloka thanki
kukalandira tiwiri tina tsidya lija
n'kukhalanso chitsulo
pomwe dzimbiri lapalidwa m'mawa.

Ndinafunsa, ikutha bwanji osaigwira?
Anati, siikutha ayi, ikusamuka.

Lachisanu anaivuula:
yopyapyala, yamabowomabowo
ngati tsamba la fodya lomenyedwa ndi matalala.

Mnyamata wa ku Santhe anatenga handulo yake,
anadziona mano m'menemo, anaseka,
analipira zopereŵera, uyo wapita,
ng'aning'ani mpaka pa mphambano.

Ana awo atatu ali ku sekondale.
Ndinayang'ana mikono ya a Lifeyo
pomwe wotchi yayamba kukhwepa,
sindinafunsenso.