Ndolo ya Nandolo

Chiperoni chinagona pa Goliati masiku anayi.
Tsiku lachisanu bere la Nandolo linadzuka lotentha
ngati njerwa yongophula mu uvuni.
Nditagwira nsonga yakumbuyo kumanzere anandimenya theche,
iye amene amadziwa kutsokomola kwanga
ndisanatsegule n'komwe khola.

M'kapu munagwa zibuluma,
timizere ta magazi,
kenako madzi achikasu onunkha bala.

Ndisaname, ndinapita nawobe kudeyale.
Malita naini panjinga, matope mpaka m'maondo.
Mnyamata woyeza, mwana wa a Mukhova,
anathira sipiliti m'kambale n'kugwedeza,
mkaka n'kudukaduka mzere wonse ukuona.
"Mayi, bwererani nawo."
Ndinaukhuthulira m'ngalande ya m'munda wa tiyi.
Fizi ya Eneresi inayenderera yoyera
mpaka kudambo.

Mu Julaye kunabwera mtsikana wa magambuti oyera,
Dokotala Mpulula,
ndi moni wake wa Chilomwe chothyokathyoka.
Anagwada m'ndowe osakwinya nkhope,
nakamira m'timabotolo tochepa ngati chala.
Akuti amakatilima tizilomboto pa mbale zagalasi,
kutifunditsa, kutidyetsa, kutiwerenga m'mawa.
Ndinaseka: ena tilima nsenjere,
ena alima matenda!

"Si mtundu umodzi, mayi.
Tina timachokera pansi pomwe agona,
tina m'kansalu kanu kopukutira,
tina m'mizere ya manja anuwa."
Ndinabisa manja m'chitenje.

Katemera, akuti, ndiko kuonetsa thupi nkhope ya wakuba
asanabwere usiku.
Koma wakuba uyu amasintha malaya,
amadzimata mamina n'kukhala phee mkati mwa bere,
ndipo asilikali a m'magazi akafika
amamira mumkaka.
Zaka zitatu ali pantchitoyi.
Kawiri konse zakanika.
Ananena akuyang'ana chikwakwa changa,
osati ine.

Ulendo wachitatu ndi uno.
Anamboola Nandolo khutu, namuveka ndolo yachikasu:
folote seveni.
Ng'ombe makumi asanu ndi limodzi kuyambira kuno mpaka ku Bvumbwe,
singano pakhosi, ina pakatha milungu inayi.
Theka zalandira katemera,
theka madzi amchere chabe.

"Nanga wangayu?"
"Sindikudziwa, mayi."
"Wabaya ndiwe!"
"Botolo linalibe dzina. Yankho lili mu envulopu yomata,
m'kabati ya munthu wina,
kuti mtima wanga usakondere."

Usiku umenewo tulo sitinabwere.
Ndinaganiza zomudula ndoloyo ndi lumo.
Kundibwereka ng'ombe, kundibwezera funso?
A Likhutcha kuseriku akuti awo salola,
ng'ombe yawo si mbewa ya asukulu.

Koma m'mawa ndinasamba m'manja ndi sopo,
ndinasintha kansalu,
ndinapala ndowe mpaka simenti kuoneka,
n'kulemba m'kope lakale la Eneresi,
kuseri kwa masamu ake:
Lolemba, malita seveni, oyera.
Lachiwiri, sikisi ndi theka, oyera.
Lachitatu mvula inanyowetsa tsamba.

Nsonga ija inafota, sidzatulutsanso.
Zitatu zotsalazo zimaimba m'ndowa,
nyimbo yotsimphina, koma nyimbo.
Ndipo ali ndi bere lina m'mimba,
kathadzi mwina, kamene ndidzapatsire Abiti Saidi
monga nanenso ndinapatsiridwa.

Ngati anali madzi amchere, chabwino.
Ndiye kuti Nandolo ndi muyeso
umene anzake adzayezedwerepo.
Ngati anali katemera,
ndiye kuti m'khola langa la malata obooka
muli nkhondo imene sindikuimva,
ndikungomva kubzikula.

Envulopu idzatsegulidwa mu Meyi.
Lero ndili pamzere, chigubu pakati pa miyendo.
Mwana wa a Mukhova wathira sipiliti,
akugwedeza kambale,
akugwedezabe,
ine mpweya ndaugwira
ngati wonyamula madzi odzaza ndowa
potsetsereka.