Misewu ya Mpweya

Mayi akandifunsa za ntchito yanga
ndimati ndimajambula misewu ya mpweya.
Amaseka. Kwathu ku Ulongwe mphepo siipempha njira,
imakwawa pansi pa chitseko mu Juni
n'kutipeza atatu m'bulangete limodzi.

Kuno ku Moatize ndi nkhani ina.
Okutobala akafika phula limagwira nsapato,
mbuzi zimatsamira mlambe wopanda tsamba
ngati aganyu odikira malipiro,
ndipo chitseko cha galimoto chimaluma dzanja.

Anandipatsa wodi ya amayi, mabedi makumi awiri ndi anayi.
Ndinayamba n'kuwerenga adani:
khoma la kuzambwe, lomwa dzuwa masana onse
n'kumalibzikula usiku,
malata, mawindo asanu ndi awiri, mababu,
ketulo ya anamwino yomwe palibe anailemba pa pulani.
Kenako anthu.
Buku limati munthu wokhala phee
amatentha ngati babu la mawati zana.
Bukulo silinaonepo mayi ali pa ululu wobereka.
Silidziwa kuti pansi pa bedi lililonse pali mphasa,
pamphasapo apongozi, mlamu,
ndi kamwana kamene kanakana kutsala kunyumba.
Ndinachulukitsa katatu.
Ermelinda, namwino amene wakalambira pamalopo,
anasuzumira pepala langa nati, ika kanayi.

Mpweya wozizira ngolemera, umagwa ngati munthu wotopa.
Wotentha umakwera kukasaka potulukira.
Ine ndine nkhoswe yawo:
asakanganire paliwombo pa khanda,
ndipo wochokera kwa odwala chifuwa
usalowe m'chikuta, ngakhale kudzangopereka moni.
Usiku wonse ndimapinda mapaipi papepala,
kuzemba mtanda wa simenti umene womanga anaika
osauza munthu.

Ndiye pali fumbi.
Sitima ya malasha ikadutsa
limatera pa tebulo, pa kolala, m'kapu ya tiyi.
Kabuku ka sefa kamalonjeza miyezi itatu.
Analemba kabukuko sanayanikepo malaya oyera kuno.

Bwana wa zachuma anafufuta makina amodzi
ndi cholembera chofiira.
Anali atavala jekete. Mu ofesi mwake munkazizira.
Sindinayankhe. Ndinabwerera ku pulani
n'kutsegula timazenera m'mwamba, pafupi ndi denga,
ndi tina m'munsi, mbali ya mthunzi wa msawu,
chifukwa nthambo zikuluzikulu zimadutsa pamitu pathu
zili pa ulendo wautali,
ndipo athuwa magetsi amachoka osatsazika.

Tsiku loyesa, Fulujensiyo Kambalame anakwera makwerero
ali ndi sikuludiraiva kukamwa.
Ine ndili ndi chipangizo changa chowerenga liwiro la mpweya,
iye anang'amba kansanza n'kukamanga pachitsulo.
Kanagwedera, kanaima, kenako kanayamba kuvina.
Anatsika osandiyang'ana.
Nambala yanga inafika mochedwa, yonena zomwezo.

Lachinayi lapitali magetsi anathima cha m'ma leveni usiku.
Tulo tinandithawa. Ndinakwera njinga ya kabaza.
M'wodi munali matochi a pafoni
ndi mayi wina akuitana dzina la mwamuna wake mosamuyamika.
Ndinaima pakhoma, ndinanyowetsa chala ndi malovu
monga tinkachitira tili ana,
n'kuchikweza.

Mbali imodzi inazizira.
Pang'ono chabe. Koma unkayenda,
kulowera m'munsi, kutulukira m'mwamba,
mumsewu womwe ndinaujambula ndili wokwiya.

Mwana analira cha m'ma thuu.
Palibe anatchula za kutentha.
Ermelinda anandipeza pakhonde akupukuta m'manja
nati, mpopi wa kubafa uja ukudonthabe,
kodi si inu ainjiniya?

M'mawa ndinaimbira mayi.
Anati kwathu kwagwa kamvula, mbatatesi zadula,
ndipo iwe, misewu yako ija,
alipo amene amayendamo?