Thanki Yachitatu, Dwangwa

M'kabotolo ankamvera.
Tinawapatsa kalata yopindidwa ngati mphete,
tinati werengani, pangani zolembedwamo,
ndipo m'mawa mwake
mzere unaoneka pa jelo, wakuda bii, pamalo pake.
A Kamtedza anagulira aliyense mandasi.

Tsopano ndi malita mazana asanu.
Ndili nawo ndekha, usiku wapita,
mathirakitala a nzimbe akugwedeza zenera,
phulusa la minda yootchedwa likutera pa galasi.

Mabakiteriya saoneka, koma amadandaula.
Ndimawamvera pa singano ya mpweya ikamatsika:
apansi akubanika
ngati okhala kumbuyo m'minibasi ya ku boma,
apamwamba akudya osapuma.
Ukawachulutsira shuga amasanza asidi nadzipha okha.
Ukawamana, amagona.
Thovu likwera, ndidonthezera mankhwala, litsika,
likweranso.

Ndipo alipo akathyali.
Amataya kalata ija m'njira,
napepukidwa, naswana msanga kuposa osenza katundu.
Kukamacha thanki yadzaza alesi onenepa
odya phoso la antchito.

Sabata yatha magetsi anazima mphindi khumi ndi zinayi.
Jenereta inatsokomola kawiri isanadzuke.
Ntchito ya masiku asanu ndi anayi
tinaiwiritsa ndi nthunzi, tinaikhuthula.
Asiyatu analemba m'buku: tataya.
Sanawonjezere kanthu.

Ngakhale apange, amapanga mwaphuma.
Puloteni imaundana m'mimba mwawo
ngati thumba la simenti lovumbwidwa ndi mvula:
yonse ilipo, kulemera n'komweko,
koma sungamangire nyumba.
Timaisungunula, timainyengerera m'madzi ozizira
kuti ikumbukire mapindidwe ake.
Pa magawo khumi, awiri okha amakumbuka.
Awiriwo tiwasefe, tiwasefenso,
pakuti khungu la owapanga lili ndi ululu
wotenthetsa thupi la munthu.

Mchimwene wanga Likisho
anadula nzimbe zaka khumi ndi zitatu,
lero shuga ali m'magazi mwake.
Amaseka yekha akaiganiza.
Kabotolo kake ka insulini amasunga mumchenga wonyowa
kuseri kwa chitseko,
ndipo mwezi wina ku chipatala anamuuza kuti yatha,
abwerenso Lachinayi.
Ndikaweruka amandifunsa, zija zapsa?
ngati ndikuumba njerwa.
Sindimuuza za zaka zoyesa zimene zikudikira kutsogolo,
za mapepala, za sefa yoitanitsa kunja
imene yagona pa chipata milungu isanu.
Ndimati, zikubwera.

Paipi ya madzi ozizira yatuluka thukuta.
Nditsitsa kutentha pang'ono,
ndichepetsa chakudya,
ndiika chikhatho pa chitsulo, chikunjenjemera,
ndinong'oneza ngati wamisala:
musathamange, inu,
pindani bwino, pali munthu.

Singano yaima.
Yanyamuka pang'ono, ngati ikukayika.
Ndilemba nthawi m'buku, pansi pa mawu a Asiyatu,
mzere wotsatira ndiusiya wopanda kanthu.