Buledi Wachedwa Lero

Usiku wonse ndimaweramira m'ng'anjo yadothi,
mutu pansi ngati mleme,
kumata mtanda wa buledi pakhoma lotentha.
Kutaisi yense ali mtulo.
Mtsinje wa Rioni wokha ndiwo umang'ung'udza pansi pa mlatho,
ndipo palibe wondilankhula kupatula moto.

M'mawa ndimakwera masitepe makumi atatu ndi anayi,
ufa m'nsidze, buledi muwiri m'khwapa.
Ndisanagwire chitseko ndimayamba ndaima,
khutu pathabwa, ngati mbala pakhomo panga pomwe.

Tamta, wa zaka zitatu kupereweza mwezi,
akudzudzula mphaka.
Akumuuza kuti wamapazi akuda sakwera pabedi,
ndi mawu a amake enieni,
kachala m'mwamba, kupuma komwe n'kwa amake.
Mzia kukhitchini wagwira pakamwa: wadzimva yekha.

Vakho ndiye anatisowetsa tulo.
Miyezi khumi ndi isanu ndi inayi ali duu,
maso okha tong'o, kuloza ndi chibwano.
Apongozi anati tikwere basi, tikaone dokotala ku Tbilisi.
Ine ndinkamunong'oneza ndisanapite kuntchito: mama, mama,
pakuti kwathu kuno mama ndiye bambo,
mayi timati deda.
Ndikuvomera, ndinkabera mpikisano.
Ndinkafuna ndikhale woyamba kutera pa lilime lake.

Tsiku lija chipale chinakwirira madenga,
Mzia anadza ndi supuni ya mankhwala a chifuwa.
Mwana anayang'ana supuni, nayang'ana amake,
nakwinya kamphumi:
Ara.
Ndiko kuti, ayi.
Liwu lake loyamba padziko lino, kukana!
Supuni inagwa. Tinakumbatirana ngati tatola chikwama,
mankhwala akuyenderera pamkeka wa apongozi.
Sindinaonepo anthu okanidwa akuvina chonchija.

Kuyambira apo mawu akutera ngati mpheta pa nyenyeswa,
limodzi, awiri, kenaka khamu.
Liwu lathu la madzi lili ndi minga pakhosi,
iye amaliluma pakati, n'kutipatsa theka,
ife n'kuthamanga ndi kapu.
Tamta amamukonza mwaukali wa mphunzitsi,
chonsecho naye amati "ndinabwera mawa."

Ndipo mafunso ake!
Buledi akalowa m'moto amalira?
Dzulo lapita kukagona kuti?
Waluma mwezi ndani, nanga amake amukwapula?
Chipale amati ndi ufa umene wina watayira kumwamba,
ndipo akudera nkhawa amene adzasese.

Ndimawalemba m'buku la ngongole, poti ndilibe lina.
Gocha: buledi mutatu, sanalipire.
Tamta: "mthunzi wanga watopa, unyamule."
Mayi Eteri: adzapereka Loweruka.
Vakho: galu, nsapato, moto, changa.
Mwini bekale akadzatsegula tsambalo
adzati wantchito wake wazungulira mutu.

Ndikudziwa lilime limawongoka.
Tsiku lina adzatchula madzi bwinobwino
ndipo palibe adzathamange ndi kapu.
Adzaphunzira mawu obaya, mawu omenyetsa chitseko,
ndi kukhala chete kwa achinyamata kolemera ngati thumba la ufa.
Zimenezo n'za mawa lenileni, osati mawa la Tamta.

Usiku wathawu, ndikumanga zingwe za nsapato,
ndinamva kadzanja kakukoka buluku langa.
Vakho, wothawa pabedi, phazi limodzi lopanda sokosi,
anatenga mawu awiri okha amene amawadalira,
nawalumikiza koyamba, mosamala,
ngati wonyamula mazira m'manja:
Mama, ara.

Ndinakhala pansi pomwepo, pakhomo, chikhoti chili m'thupi.
Anandigonera pachifuwa, akununkha mkaka ndi tulo.
Koloko inayenda yokha.

Ng'anjo ndinaipeza itazizira.
Msewu wonse wadya buledi mochedwa lero,
Gocha wadandaula, ngakhale salipira.
Ndamuuza kuti ndinaitanidwa ndi bwana wamkulu,
ndipo sindinathe kumukana.