Tsitsi la Ndaziona

Amayi ake atakwera basi ya ku Joni
anandisiyira makiyi, buku la kusikelo,
chipeso chothyoka mano awiri,
ndi mwana wa zaka zisanu ndi chimodzi
wa tsitsi losamva za munthu.

Ine ndine wakabaza.
Manja angawa amadziwa tcheni, amadziwa mabuleki,
amadziwa kukankha matumba awiri a makala
pachitunda cha ku Chinamwali osapumira.
Koma Lolemba loyamba lija
ndinagwira mutu wa Ndaziona ngati ndikumanga katundu pakaliyala,
iye misozi, ine thukuta kamukamu,
belu la kusukulu likulira kutsidya.
Anapita mutu uli ngati chisa chogwetsedwa ndi mphepo.

Madzulo Abiti Sumani, ogulitsa mandasi pafupi ndi mpopi,
anandikodola ndi chala.
"Achimwene, mwanayu wakulakwirani chiyani?"
Azimayi anaseka mpaka ndowa kusefukira.
Ndinayang'ana matayala anga ngati aphwa.
Koma anandikhazika pachigubu,
nandibwereka mutu wa mdzukulu wawo.
"Yambirani kunsonga, musathamangire kumizu.
Kadontho ka mafuta. Gawani patatu.
Musakoke, si chingwe cha mbuzi chimenechi."

Masabata atatu ndinkaluka chilichonse:
malegeni a panjinga, ulusi wa thumba la feteleza,
udzu wa m'mbali mwa Likangala
ndikudikira makasitomala.
Anzanga pasiteji ya Mpondabwino ananditcha Saluni.
Dzinalo linandikanirira,
masiku ano ndimavomera.

Mwezi wa June, chifunga chitatsika m'phiri
n'kudzagona pamalata athu,
thupi la mwana linatentha pakati pa usiku.
Che Mbwana, eni nyumba,
amene ndinali nawo ngongole ya miyezi iwiri,
ndiwo anatuluka ndi tochi, jekete pamwamba pa zogonera.
Anakhala pakaliyala atamufukata m'bulangete,
ine ndikupalasa mumdima kulowera kuchipatala chachikulu.
Njira yonse za lendi sanatchule.
Anadzatchula Lachisanu, mwana atayamba kudya.

Ali pabedi lachipatala ndinam'masula malukidwe akale
kuti mutu upume.
Namwino wina anaima, nayang'ana zala zanga,
nafunsa ngati amayi ake atuluka.
Ndinati inde, atuluka.
Sindinanene kuti patha miyezi isanu ndi iwiri.

Lamlungu timabwereka foni ya aphunzitsi a Nkhoma,
ija yooneka nkhope.
Amayi ake amaoneka ang'ono, ali m'khitchini ya eni ake,
akulankhula motsitsa mawu.
"Tatembenuka ndikuone kumbuyo."
Ndaziona anatembenuka pang'onopang'ono ngati mkwatibwi.
Mizere isanu ndi umodzi,
wachinayi wokhota ngati msewu wokwera ku Ku Chawe.
"Wakuluka ndani?"
"Adadi."
Kunali zii.
Kenako phokoso lina, kaya kuseka kaya kulira,
netiweki inadula ndisanasiyanitse.

Tsopano Loweruka masana sindipita kusiteji.
Pakhonde pamakhala ana a mumzere wathu wonse,
Asiyatu, Mwandida, ndi mapasa a kwa Nachuma,
amene amayi awo amaweruka usiku kumalo odyera.
Sindilipiritsa.
Wina amabwera ndi tomato, wina sopo wodula pakati,
wina amangobwera ndi nsabwe, timathana nazo.
Abiti Sumani amadutsa n'kuyendera ntchito yanga,
akapeza mzere wokhota amamasula osandifunsa.

Dzulo kunabwera bambo Likaka, a ukalipentala,
amene anaika mkazi wawo mwezi wathawu.
Anaima kumpanda nthawi yaitali
atagwira dzanja kamtsikana kovala chipewa dzuwa lonseli.
Sanapereke moni bwinobwino.
Ndinasuntha pabenchi, ndinawapatsa chipeso chija
chothyoka mano awiri.
Manja awo, ozolowera lanza ndi misomali, ankanjenjemera.

Ndinati, yambirani kunsonga.
Ndaziona, osatukula mutu pahomuweki yake, anawonjezera:
"Musakoke."